Anagwa pa kabaza koma ankayankhula bwinobwino, patatha masiku awiri mkono ndi mwendo zafa. Chachitika ndi chiyani?

Uthenga wabwera kuchokera kwa mayi wina wa chakuLimbuli, ndauchepetsa pang'ono koma mawu ndi ake:

"Adokotala, amuna anga ali ndi zaka 29, amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Mwezi wathawu anachita ngozi madzulo akuchokera ku Muloza, anamenyetsa mutu pa tala ndipo helemeti analibe. Anakomoka pang'ono nkudzuka, kukhutu kwa kumanzere kumatuluka magazi koma amayankhula, amadya, mpaka kuseka ndi anzawo obwera kudzawaona kuchipatala. Usiku wa tsiku lachiwiri mkono ndi mwendo wa kumanja zinangolefuka, mawu osatulukanso. Anatitumiza ku Queens, sikani yaonetsa kuti chigaza chinasweka cha kunsi ndipo mtsempha opita ku ubongo watsekeka, akuti ndi sitiroko. Sitiroko munthu wa zaka 29 opanda BP? Apongozi akuti pali munthu amene wachita izi chifukwa ngozi anapulumuka kale, akufuna tipite nawo kwa asing'anga. Ine ndikungodzida kuti mwina ndinachedwa kuzindikira. Mankhwala atipatsa asipirini basi. Kodi achira?"

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene mukudutsamo, ndipo ndiyambe ndi mfundo imene ikukusowetsani tulo: inu simunalakwe chilichonse. Zimene mwafotokozazi, kuti munthu wavulala mutu, wadzuka, akucheza, kenako patapita tsiku kapena masiku awiri mbali imodzi ya thupi nkufa, ndi mmene vuto limeneli limabwerera ndithu, ndipo limatipusitsa ngakhale ife amene takhala zaka zambiri mu wodi tikuona anthu angozi. Sitirokoyi siinachokere kwina. Ndi ngozi yomweyo ya pa msewu ija, kungoti bala lake linali mkati momwe maso saona ndipo linatenga nthawi kuti lionekere. Apongozi anuwo musawakwiyire, funso limene ali nalo ndi lomveka, munthu wapulumuka kale nde chamugwetsanso nchiyani? Yankho lake lilipo ndipo ndikufuna mulimvetse bwino kuti mukathe kuwafotokozera inuyo.

Ubongo ndi kachiwalo kosalemera kwenikweni, pafupifupi magawo 2 pa 100 a thupi lonse, koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mpweya wabwino umene magazi amanyamula, ndipo ulibe nkhokwe yosungiramo. Magazi akangosiya kufika pamalo ena ake kwa mphindi zochepa, malo amenewo amayamba kufa. Magaziwo amakwera ndi mitsempha ikuluikulu 4. Iwiri ili kutsogolo kwa khosi, ija mukaika chala pambali pa kholingo mumamva ikugunda, ife timaitcha ma carotid. Ina iwiri, ma vertebral, imadutsa mkati mwa mafupa a khosi cha kumbuyo nkukalumikizana kukhala umodzi ikalowa m'mutu. Tsono kuti mitsemphayi ifike ku ubongo imayenera kuboola pansi pa chigaza, pamene ubongo umakhalira ngati nsima m'mbale. Carotid makamaka amadutsa mu kangalande kopapatiza ka fupa, pafupi penipeni ndi mkati mwa khutu, ndipo mmenemo alibe malo othawira, fupa lamuzungulira mbali zonse. Nde taganizani mng'alu wa fupa ukadutsa pa kangalande kameneko. Amuna anu magazi amatuluka khutu la kumanzere, kusonyeza kuti fupa la mbali imeneyo ndi limene linasweka, ndipo mtsemphawo umadutsa momwemo.

Pena fupa losweka limaupana mtsempha kapena kuubaya, koma kawirikawiri chimachitika nchakuti mtsempha umakokeka kapena kupindika mwamphamvu nkung'ambika khungu lake la mkati lokha, kunja uli bwinobwino osatulutsa magazi. Mtsempha uli ndi zikungu zitatu. Cha mkaticho chikang'ambika, magazi amayamba kulowa pakati pa zikunguzo, pang'onopang'ono, khoma nkumatupira mkati, njira nkumachepa. Komanso thupi likaona bala limatumiza magazi oundana kuti atseke, monga limachitira mukadzicheka ndi mpeni, koma apa kuundanako kukuchitikira mkati mwa njira ya magazi. Chotupa cha magazi oundanacho chimakula mpaka kutseka njira yonse, kapena kachidutswa kamathothoka nkukokoloka ndi magazi kukatseka mtsempha waung'ono mkati mwa ubongo. Amene munaonako mipope ya madzi yochokera m'phiri la Mulanje ikatsekeka nthawi ya mvula mukudziwa, paipi kunja ilibe vuto koma ku mpope madzi sakufika chifukwa matope aunjikana penapake. Kuunjikanako kumatenga nthawi. Nchifukwa chake sitiroko ya mtundu uwu siibwera pa malo a ngozi nthawi zambiri, imabwera patapita maola, ndipo ambiri imawapeza mkati mwa masiku atatu oyamba, ena ochepa ngakhale patatha sabata.

Za mbali ija musadabwe nazo. Ubongo wa kumanzere umalamulira thupi la kumanja, wa kumanja umalamulira la kumanzere, ndipo kwa anthu ambiri kuyankhula kumakhala ku ubongo wa kumanzere. Khutu la kumanzere, mtsempha wa kumanzere, mkono ndi mwendo wa kumanja, mawu kusowa, zonsezi zikugwirizana bwinobwino, palibe chachilendo chimene chatsala choti tikafufuzire kwina. BP, shuga ndi ukalamba ndi zimene zimabweretsa sitiroko imene tinazolowera, koma kwa achinyamata kung'ambika kwa mtsempha wa m'khosi ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu.

Mwina mukufunsa kuti nanga achipatala sakanadziwiratu? Apa ndiyankhule moona. Vutoli silichitika kawirikawiri, mwa anthu 100 ogonekedwa chifukwa cha ngozi ngati izi amapezeka nalo ndi 1 kapena 2, ngakhale kuti chiwerengero chimakwera kwa amene chigaza chasweka kunsi kapena khosi lathyoka. Ekisire wamba sangalione. Ngakhale CT sikani ya mutu ya tsiku loyamba imatha kuonetsa fupa losweka koma ubongo uli bwino, chifukwa nthawi imeneyo magazi akuyendabe. Kuti mtsempha weniweniwo uoneke pamafunika sikani ina imene amabaya kaye mankhwala mu mtsempha wa pamkono kuti njira za magazi ziwale pa chithunzi, dzina lake CT angiogram. Madotolo a ku Denver ndi ku Memphis ku America ndi amene anakonza ndondomeko zoti aliyense amene wasweka chigaza modutsa pa kangalande ka carotid ajambulidwe sikani imeneyi asanaonetse chizindikiro chilichonse, ndipo kumene makina alipo usana ndi usiku amatero. Kwathu kuno munthu akavulalira ku Limbuli, ku Chitakale, ku Luchenza kapena ku Thekerani, kuti apeze sikani ndi madotolo a ubongo ulendo wake ndi wa ku Blantyre, ndipo dotolo wa pa boma amayenera kusankha ndi maso ndi manja ake kuti atumize ndani. Munthu amene akudya nkumaseka saoneka ngati wa refero. Ine zimenezi zinandiphunzitsa kalekale ndi mnyamata wina amene anagwa mu mtengo wa mapeyala, tinamusunga usiku umodzi ali bwino, mmawa wake amakanika kunyamula kapu, ndipo kuchokera tsiku limenelo magazi a m'khutu sindiwaonanso ngati nkhani yaing'ono olo munthuyo akundiuza yekha kuti adokotala nditulutseni ndili bwino.

Nde kwa ena amene mukuwerenga, makamaka anyamata a kabaza ndi amene mumawakwera, zizindikiro zoti chigaza chasweka kunsi muzidziwe. Magazi kutuluka m'khutu kapena madzi oyera mbee ngati a m'mpope kudontha m'khutu kapena m'mphuno, amene ena amati akumva mchere kukhosi. Kuda kozungulira maso onse awiri pomwe pamasopo sipanamenyedwe. Kubiriwira kuseri kwa khutu, kumene nthawi zambiri kumaoneka patapita tsiku limodzi kapena awiri. Khutu kugontha, pakamwa kupotoka, kusamva fungo. Munthu oteroyo si wa panado ndi kukagona kunyumba ayi. Ndipo akakhala kuti watulutsidwa, masiku oyambawo asagone yekha. Mukaona chikope chimodzi chagwa ndipo kamwana ka diso kachepa kuposa kanzake, mutu kapena khosi kuwawa mbali imodzi mosalekeza, phokoso la fuu fuu m'khutu logwirizana ndi kugunda kwa mtima, diso limodzi kuchita mdima kwa kanthawi, dzanzi kapena mkono kulefuka olo kwa mphindi 5 zokha nkubwerera, lilime kulemera, chizungulire chachikulu, kuona zinthu ziwiriziwiri, nyamukani nthawi yomweyo olo pakati pa usiku. Kulefuka kumene kumabwera nkuchoka kuja ndi kumene anthu amakunyozera kwambiri, amati wagonera mkono, pomwe ndi chenjezo loti kachidutswa kadutsa ndipo chachikulu chili m'njira.

Ndionjezere kuti si aliyense amene wafooka patapita nthawi ndiye kuti mtsempha watsekeka. Pali vuto lina lofanana nalo pakaonekedwe, magazi kutayikira mkati mwa chigaza nkumaupanikiza ubongo. Ameneyonso amadzuka, kuyankhula, kenako kuyamba kusinza, kusanza, kukomoka. Uyu amafunika opareshoni ya msanga yochotsa magaziwo. Awiriwa ndi maso simungawasiyanitse, koma chithandizo chawo nchotsutsana, wina akufunika mankhwala oletsa magazi kuundana pomwe winayo mankhwala omwewo angamuphe. Nchifukwa chake ndikupempha, munthu amene wamenyetsa mutu musamugulire asipirini, bulufeni kapena indosidi pa golosale. Panado yekha, ndipo kuchipatala.

Tsopano za asipirini amene mukumuona ngati wochepa uja. Ndikumvetsa, munthu wafa ziwalo nde mankhwala ake kakhale kam'bulu kamene timagula pa okala? Koma mayi, ameneyo ndi mankhwala enieni a vutoli padziko lonse. Ntchito yake si yopha ululu apa, ndi yoletsa magazi kupitiriza kuundana pa bala la mtsempha lija kuti sitiroko yachiwiri isabwere. Ena amapatsidwa jekeseni wa heparin kapena mapiritsi a warfarin, koma kwa munthu amene wangovulala mutu komanso ali ndi sitiroko yaikulu mankhwala amphamvuwo akhoza kuyambitsa kutaya magazi mu ubongo, nde madotolo amayeza mbali zonse asanasankhe. Mankhwala aja osungunula magazi oundana amene mwina munawerengapo pa intaneti saperekedwa kwa munthu amene wangovulala kumene mutu. Opareshoni nayonso siichitika kawirikawiri chifukwa malowo ali mkati mwa fupa movuta kufikamo, ndipo mtsempha ukatsekeka kotheratu kuutsegula mokakamiza kumatha kuononga kuposa kukonza. Kawirikawiri asipirini amamwedwa kwa miyezi 3 mpaka 6, ena kupitirira, malinga ndi mmene sikani yobwereza yaonetsera. Musasiye panokha, musaonjezere mlingo, amwe atadya, ndipo mukaona chimbudzi chakuda ngati makala, kusanza magazi, kapena mutu kuwawa modzidzimutsa, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kodi mtsempha ukapanda kutseguka ndiye kuti basi? Ayi. Pansi pa ubongo mitsempha 4 ija imalumikizana mozungulira ngati mphete, imene inatchedwa dzina la dotolo wa ku England Thomas Willis amene anaifotokoza mu 1664. Mbali imodzi ikatsekeka magazi amatha kuzungulira kudzera ku mbali inayo, monga mmene galimoto zimalambalalira mlatho ukakokoloka. Anthu sitinalengedwe mofanana pamenepa, ena mphete yawo ndi yokwanira moti carotid mmodzi akhoza kutsekeka iwo osadziwa nkomwe, ena ili ndi mipata. Pena mtsempha wotsekekawo umadzatseguka wokha pakapita miyezi, pena umakhala chotsekeka moyo onse munthu nkumakhala bwinobwino ndi itatu yotsalayo.

Funso lanu lalikulu, achira? Sindingakulonjezeni kuti abwerera ndendende mmene analili, chifukwa mbali ya ubongo imene inafa siimeranso. Koma mbali zoyandikana nazo zimaphunzira ntchito ya mbali yakufayo, ndipo pa zaka 29 ubongo umaphunzira msanga kuposa wa agogo a zaka 70. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, kenako kumapitirira pang'onopang'ono mpaka chaka ndi kupyola. Mwendo nthawi zambiri umatsogola, mkono umatsatira, zala ndi zimene zimachedwa kwambiri. Ndaonapo anyamata amene analowa pa wilitcheya akudzabwera ku kiliniki akuyenda okha ndi ndodo, ena opanda ndodo. Chimene chinawasiyanitsa ndi anzawo amene anaumira pamphasa si mankhwala odula, koma fiziyo, masewero aja olimbitsa ziwalo, ya tsiku ndi tsiku ndi gadiyani amene sanatope. Miyezi imene muli nayo panopa ndi ya mtengo wapatali, ndipo ndi pamene ndikuopa ulendo wa kwa asing'anga uja, chifukwa sabata zitatu zimene mungakathere kumeneko ndi sabata zimene mkono ukuuma. Mphini pa munthu amene akumwa asipirini zimataya magazi ambiri, ndipo mankhwala omwetsa munthu amene akuvutika kumeza amalowa m'mapapo. Apongozi muwatenge pa tsiku la kiliniki, apempheni adokotala awaonetse chithunzi cha sikani aone okha pamene fupa linasweka. Makolo ambiri akaona ndi maso mtima umakhala pansi. Mapemphero apitirire, sasemphana ndi chithandizo.

Funsani a fiziyo ku Queens akulembereni zochita ndipo akuonetseni ndi manja, komanso funsani ngati angathe kukutumizani ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre komweko, kumene ntchito yawo ndi yomweyi yophunzitsanso anthu kuyenda ndi kudzisamalira. Mukabwerera kumudzi pitirizani ndi a fiziyo a pa chipatala cha boma ku Mulanje. Kunyumba musawakoke ndi mkono wofookawo powadzutsa, phewa limaguluka ndipo ululu wake umalepheretsa mafizo onse, agwireni m'chiuno kapena kumsana. Mkonowo uzikhala pa pilo, zala zotambasula, osati kulendewera. Ngati sakutha kudzitembenuza, atembenuzeni maola awiri aliwonse, usiku omwe, ndipo muziyang'ana m'matako, m'chiuno ndi zidendene, pakafiira kapena kuda ndiye kuti chilonda chayamba. Podya akhale tsonga, phala lolimbirako pang'ono limamezeka bwino kuposa madzi kapena thobwa lamadzimadzi, supuni yaing'ono, osathamanga, ndipo akhalebe tsonga kwa mphindi 30 akatha kudya. Akamatsamwa kapena kutsokomola pa chakudya chilichonse auzeni achipatala, chifukwa chibayo chobwera ndi chakudya cholowa m'mapapo ndi chimene chimatilanda odwala sitiroko ambiri amene akanachira.

Za kuyankhula ndikhalepo pang'ono chifukwa apa mabanja amalakwitsa mosadziwa. Amuna anu sanapenge ndipo sanasanduke mwana. Nzeru zawo zilipo, chimene chaonongeka ndi njira yotulutsira mawu, kwa ena ndi yomvetsera mawu omwe. Amadziwa kuti ichi ndi kapu koma dzina lake silikubwera, kapena likubwera lina. Musamawakambe ngati palibe, musamawakuwire ngati ogontha, ndipo alendo asamawapange mayeso a ndine ndani ine, nditchule dzina, zimawapweteka mtima kwambiri. Yankhulani nawo ziganizo zifupizifupi, funso limodzi loti ayankhe eya kapena ayi, apatseni nthawi. Yesani kuimba nawo nyimbo za kutchalitchi zimene amazidziwa, mudzadabwa kuti munthu amene sakutha kunena dzina lake akutha kuimba ndime yonse, ndipo pamenepo ndi poyambira pabwino. Akamalira popanda chifukwa kapena kupsa mtima msanga ndi mbali ya kuvulala kwa ubongo, koma akayamba kukana chakudya ndi mafizo, kungoyang'ana kukhoma, nenani ku kiliniki chifukwa kukhumudwa kotere kuli ndi chithandizo. Bambo amene amabweretsa ndalama ya tsiku ndi tsiku pakhomo kenako nkumasambitsidwa, mtima wake umavulala kuposa mwendo.

Chigaza chosweka chija nachonso chili ndi zake zoti muziyang'anira. Fupalo limalumikizana lokha, silifuna pulasitala. Koma ngati m'khutu kapena m'mphuno mukudonthabe madzi oyera, amenewo ndi madzi ozungulira ubongo, ndipo pamene madzi akutulukira tizilombo tikhoza kulowera pomwepo. Kwa ambiri amasiya okha mkati mwa sabata imodzi, tsono kwa inu papita mwezi, ngati akudonthabe akaonedwenso. Musatseke khutu ndi thonje lolowetsa mkati, musathiremo mafuta kapena mankhwala azitsamba, asamine mwamphamvu. Ndipo ichi chigwireni: akatentha thupi, mutu kuwawa kwambiri, khosi kuuma, kudana ndi kuwala kapena kusokonezeka, musathamangire kuti ndi malungo nkukagula LA. Kwa munthu amene anasweka chigaza kunsi timayamba taganiza za meninjaitisi, matenda aja oumitsa khosi, olo patapita miyezi, ndipo mukafika kuchipatala chilichonse, kaya pa health centre, mawu oyamba akhale akuti anasweka chigaza pa ngozi. Chimodzimodzi diso limodzi likayamba kufiira, kutupa ngati likutuluka, iwo nkumamva phokoso m'mutu, limenelo si diso la nthenda wamba yothira mankhwala a m'maso, ndi mtsempha womwewo umene ukutayira magazi kuseri kwa diso ndipo afunika kubwerera ku Queens. Akagwa ngati khunyu, agonekeni chammbali, musaike kanthu mkamwa, ndipo apite kuchipatala, zimachitika pambuyo pa kuvulala mutu ndipo mankhwala ake alipo.

Mowa ndi fodya ayi, ndipo anzawo a pa siteji auzeni mosabisa kuti kubweretsa kachasu kapena timasacheti si chikondi. Khosi lisatsinidwe kapena kupotokoledwa ndi aliyense amene akuti akuwongola mitsempha, asasenze katundu pamutu, ndipo za kubwerera pa njinga aiwale kaye mpaka adokotala amene akuwaona atavomereza. Popita ku kiliniki yesetsani galimoto osati kuwakweza pa kabaza atapanidwa pakati, ndikudziwa ndalama ndi yovuta koma kugwa kachiwiri pa mutu womwewo akumwa asipirini ndi ngozi yaikulu.

Inunso mayi mukufunika wokuthandizani. Ntchito yotembenuza munthu wamkulu usiku onse siya munthu mmodzi, gawanani ndi abale a amuna anu, ndipo apongoziwo apatseni gawo, kaya lowadyetsa masana kaya lowongola zala, chifukwa nawonso akufuna kuchitapo kanthu pa mwana wawo. Tsiku la kiliniki tengani buku la kuchipatala ndi pepala kapena CD ya sikani, ndipo mukafunse zinthu zitatu izi: asipirini amwa mpaka liti, sikani yobwereza ya mtsempha ichitika liti, komanso ngati khosi linajambulidwa nkupezeka kuti lili bwino. Mundilembere pakatha mwezi mundiuze mmene mwendo ndi mawu zikuyendera.